Loya pa bwalo la milandu: ntchito, mwambo ndi umoyo wake ku Machinga ndi Balaka

Loya wa milandu ya m'khothi ndi munthu amene amaima pamaso pa woweruza n'kulankhula m'malo mwa wina. Ntchito yake yatsamira pa mafuwa atatu: luso lozenga mlandu, mwambo wa ntchito, ndi umoyo wa iye mwini. Fuwa limodzi likagwedera, amene amapsa ndi mwini mlandu. Mafunso otsatirawa akufotokoza momwe zitatuzi zimayendera m'maboma a Machinga ndi Balaka.

Kodi munthu amafika bwanji pokhala loya woima m'khothi?

Ayenera kukhala ndi digiri ya malamulo, kulandiridwa ndi Jaji Wamkulu wa dziko lino ku khothi lalikulu, ndi kulembedwa m'kaundula wa maloya. Kwa zaka zambiri maloya a m'Malawi ankaphunzira ku Chancellor College mumzinda wa Zomba. Lamulo loyendetsera ntchitoyi ndi la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1965. Pansi pa lamuloli pali sukulu ya Malawi Institute of Legal Education yosula omaliza digiri kuti adziwe ntchito ya m'khothi, komanso bungwe la maloya la Malawi Law Society. Chiphaso chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo china mwa zofunika kuti chituluke ndi chakuti loyayo akhale atathandizako anthu osauka mwaulere. Munthu wopanda chiphaso amene amalandira ndalama ponamizira kuti ndi loya amapalamula mlandu.

Kodi milandu ya ku Machinga ndi Balaka imazengedwa kuti?

Balaka idali mbali ya Machinga mpaka mu 1998 pomwe idakhala boma palokha. Pa nkhani za makhothi, maboma awiriwa ali m'chigawo chakummawa chomwe likulu lake ndi Zomba. Milandu yambiri imayambira ndi kuthera m'makhothi a majisitireti monga a ku Liwonde, Ntaja ndi Balaka: kuba ziweto, kuvulazana, kugwiririra ana, kusudzulana, chithandizo cha ana ndi ngongole. Khothi la ku Liwonde limazenganso milandu ya nyama zakutchire chifukwa cha nkhalango ya Liwonde, ndipo kuchokera mu 2017, pomwe lamulo loteteza nyama lidakhwimitsidwa, chilango pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere chimatha kufika zaka 30.

Milandu ya kupha munthu ndi kuukira boma majisitireti alibe mphamvu yoiweruza. Imeneyi imapita ku khothi lalikulu, lomwe nthambi yake yapafupi ili ku Zomba, pafupifupi makilomita 50 kuchokera ku Liwonde. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti amachita apilo ku khothi lalikululo, ndipo pamwamba pa onse pali khothi la Supreme ku Blantyre. M'makhothi a majisitireti, woimira boma nthawi zambiri amakhala wapolisi wophunzitsidwa kuzenga milandu, pomwe ku khothi lalikulu amaima ndi maloya a ku ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma.

N'chifukwa chiyani anthu ambiri amaima okha pa mlandu?

Maofesi ambiri a maloya ali ku Blantyre ndi Lilongwe, ena ochepa ku Zomba ndi Mzuzu. Mlimi wa ku Nayuchi kapena ku Utale amene akufuna loya ayenera kulipira ntchito, mafuta a galimoto, ndipo mwina ndi malo ogona. Ambiri sangakwanitse. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapereka ufulu woimiridwa ndi loya wodzisankhira, komanso loya wolipiridwa ndi boma pamene chilungamo chikufuna kutero. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2015. Koma maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa milandu, choncho mphamvu zambiri zimathera pa milandu ikuluikulu.

Mpata wotsalawo amayesa kuutseka ndi alangizi a zamalamulo omwe si maloya, monga a bungwe la PASI, omwe kuyambira mu 2000 akhala akuyendera ndende ndi mapolisi kuphunzitsa osungidwa za belo ndi kayendedwe ka mlandu. Iwowa amalangiza, koma kuima m'khothi m'malo mwa munthu ndi ntchito ya loya.

Kodi loya amachita chiyani mlandu usanalowe m'khothi?

Mlandu amaupambana kapena kuuluza asanafike n'komwe pakhomo la khothi. Choyamba loya amakhala pansi ndi mwini mlandu, ku ofesi, ku polisi kapena ku ndende, n'kumva nkhani yonse, yokoma ndi yowawa yomwe. Kenako amaona ngati malamulo adatsatidwa pomumanga. Womangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuonekera m'khothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba la ntchito ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Lamulo la kazengedwe ka milandu, litakonzedwa mu 2010, lidaika malire a nthawi yosunga munthu pa limandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, ngakhale khothi lingawonjezereko pang'ono likapemphedwa. Loya watcheru amawerenga masikuwa ndi kupempha belo pa nthawi yake.

Chotsatira ndi kuwerenga zonse zimene boma likufuna kutsamira: zonena za mboni, lipoti la chipatala, ndi chikalata chimene woganiziridwa adasaina ku polisi. Loya wakhama amapitanso pamalo pomwe zinthu zidachitikira. Mboni ikanena kuti idaona nkhope ya wakuba usiku ili pakhonde, amene wafikapo pamalopo amadziwa ngati pakati pali nkhokwe kapena mtengo wa mango wotchinga.

Kodi mlandu umayenda bwanji tsiku la khothi?

Pa mlandu wa upandu, kalaliki amawerenga mlandu ndipo wozengedwa amavomera kapena kukana. Akavomera, khothi liyenera kutsimikiza kuti akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Akakana, boma limaitana mboni zake. Mboni iliyonse imayamba yafunsidwa ndi mbali imene yaiitana, kenako mbali inayo imaipanikiza ndi mafunso, ndipo pomaliza woiitana uja amatha kuifunsanso kuti iwongole pamene pasokonekera. Boma likatseka umboni wake, khothi limagamula ngati wozengedwayo ali ndi mlandu woti ayankhe. Ngati alibe, amamasulidwa pomwepo. Ngati ali nawo, amasankha kupereka umboni, kuitana mboni, kapena kukhala chete. Mtolo wotsimikizira mlandu uli pa boma, ndipo chikaiko chomveka chikatsala, chimakomera wozengedwa.

Pa milandu ya pakati pa anthu, monga ngongole ndi chipukuta misozi, muyeso ndi wopepukirapo: khothi limaona mbali imene nkhani yake ikulemera kuposa inzake. Malamulo a khothi lalikulu a 2017 amalamula kuti milandu yambiri yotere iyambe yadutsa pa zokambirana pamaso pa jaji. Loya wabwino amauza mwini mlandu mosabisa pamene kugwirizana kuli kopindulitsa kuposa kukokana zaka zitatu.

Kodi luso lofunsa mboni lagona pati?

Lagona pa kudziwa chimene funso lililonse likufuna kutulutsa. Pofunsa mboni yake, loya saloledwa kuiika mawu m'kamwa pa nkhani imene akutsutsana. Amaisiya ifotokoze yokha. Popanikiza mboni ya mbali ina, amafunsa mafunso aafupi, mfundo imodzi pa funso limodzi, ndipo akapeza chimene amafuna amakhala pansi. Ayeneranso kuiuza mboniyo nkhani ya mbali yake kuti iyankhepo, poti zimene sadatsutse khothi lingazitenge ngati wazivomereza. Kukalipa ndi kunyoza si luso. Pa milandu ya kugwiririra, makamaka ya ana, lamulo limalola khothi kutulutsa anthu kapena kumutchinga mwana kuti asayang'anizane ndi woganiziridwa, ndipo loya ayenera kuyesa umboniwo popanda kumuvulazanso mwanayo.

Ku Machinga ndi Balaka kulinso nkhani ya chiyankhulo. Zolemba za khothi zimakhala m'Chingerezi, pomwe mboni zimalankhula Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe. Zonse zimadutsa mwa womasulira. Mawu aulemu ndi ozungulira amene anthu amagwiritsa ntchito pa nkhani za thupi ndi za m'banja amatha kusintha tanthauzo akamasuliridwa mothamanga. Mwana akanena kuti munthu "adamuchita zoipa", khothi limafunika kumva bwino chimene chikutanthauzidwa. Loya amamvetsera zonse ziwiri, zonena mboni ndi zomasulira, ndipo akaona kusiyana amaimirira nthawi yomweyo, chifukwa jaji wa apilo adzawerenga zolembedwa zokha.

Munthu akapezeka wolakwa, ntchito ya loya yatha?

Ayi. Pamatsala kupempha khothi kuti lichepetse chilango, ndipo apa m'pamene maloya ambiri amafulumira mosayenera. Khothi limaganizira msinkhu wa wolakwa, ngati n'koyamba kupalamula, ngati adavomera msanga, ngati katundu adabwezedwa, umoyo wake, ndi nthawi imene wakhala kale pa limandi. Kufunika kwa gawoli kudaoneka pa mlandu wa Kafantayeni wa 2007, pomwe khothi lidagamula kuti kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Kuyambira mu 2015, khothi lalikulu ku Zomba lidamvanso milandu ya akaidi oposa 150 omwe adalandira chilangocho. Maloya ndi alangizi adayenda m'midzi kukamva kwa mafumu ndi achibale za moyo wa akaidiwo, ndipo ambiri adatulutsidwa kapena kupatsidwa zaka zowerengeka. Zimene zidasintha zigamulozo ndi mfundo zomwe poyamba padalibe wozifufuza.

Kodi loya amatumikira mwini mlandu kapena khothi?

Amatumikira onse, koma zikawombana, udindo wake ku khothi ndi umene uli pamwamba. Loya saloledwa kunamiza woweruza, kuphunzitsa mboni bodza, kubisa chigamulo cha khothi lapamwamba chimene chikutsutsa mfundo yake, kapena kukumana ndi woweruza mseri pa mlandu umene uli m'kati. Mwini mlandu akamuululira kuti adapalamuladi, loya sangakaulule, poti zokambirana zawo ndi chinsinsi chotetezedwa ndi lamulo. Angathe kupitiriza kumuimira pa kukana mlandu ndi kuyesa ngati umboni wa boma ukukwana. Chimene sangachite ndi kuuza khothi kuti munthuyo adali kwina, kapena kuloza chala wina amene akudziwa kuti n'ngosalakwa. Mwini mlandu akaumirira bodza, loya amapempha kuchoka pa mlanduwo popanda kuulula chifukwa.

N'chifukwa chiyani loya amaimira munthu amene mudzi wonse wamuweruza kale?

Chifukwa woweruza ndi khothi, osati mudzi kapena loya. Machinga idaona izi pa mlandu wa kuphedwa kwa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino yemwe adaphedwa mu 2018. Dziko lonse lidakwiya, ndipo mkwiyowo udali womveka. Komabe ozengedwa adali ndi maloya, mboni zidafunsidwa, ndipo mu 2022 khothi lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa, mwa iwo wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito ya chipatala. Chigamulo chotuluka umboni utayesedwa mbali zonse chimakhala cholimba, ndipo banja la wophedwa limapindula nacho kuposa chigamulo chothamangira chimene chingagwe pa apilo.

Mbiri ya dziko lino ikuonetsa mbali inayo. M'nthawi ya chipani chimodzi, makhothi a mafumu adapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya kupha ndi kuukira boma, ndipo maloya sankaloledwa kuimamo. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera Chirwa, onse maloya, adagamulidwa kuti aphedwe ndi khothi lotere mu 1983. Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Ufulu woimiridwa ndi loya udalembedwa m'malamulo a 1994 anthu akukumbukira zimenezi.

Nanga pa ndalama, mwambo ukuti chiyani?

Apa m'pamene madandaulo ambiri amachokera. Ndalama za mwini mlandu, monga chipukuta misozi cha ngozi ya pamsewu kapena chuma cha masiye, ziyenera kusungidwa mu akaunti yapadera, yosasakanikirana ndi ya loya. Kubwerekako, ngakhale ndi cholinga chodzabweza, ndi kuphwanya mwambo. Malipiro ayenera kufotokozedwa poyambirira, ndipo mwini mlandu ali ndi ufulu wolandira lisiti ndi kuona m'mene ndalama zake zayendera. Loya sayeneranso kuimira mbali ziwiri zotsutsana, kapena kugwiritsa ntchito chinsinsi cha munthu amene adamuimirapo kale pofuna kumugonjetsa. M'matauni aang'ono ngati Liwonde ndi Balaka, momwe anthu amadziwana ku mpingo, ku mzikiti ndi pa maliro, loya ayenera kufunsa msanga ngati pali ubale umene ungasokoneze ntchito.

Loya amene wapempha ndalama yoti "akaonere" majisitireti kapena wapolisi akuchita katangale, ndipo woperekayo nayenso amapalamula. Nkhani zotere zimakanenedwa ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Pa mlandu wa chisankho umene chigamulo chake chidaperekedwa pa 3 February 2020, oweruza adadandaula kuti wina adafuna kuwapatsa ziphuphu.

Kodi munthu wolakwiridwa ndi loya angadandaule kuti?

Angalembe dandaulo ku Malawi Law Society, ataphatikiza malisiti, makalata ndi nambala ya mlandu. Komiti yosungitsa mwambo imamva mbali zonse ziwiri. Chilango chimatha kukhala chidzudzulo, kulamulidwa kubweza ndalama, kuimitsidwa ntchito, kapena kufufutidwa m'kaundula kudzera ku khothi lalikulu. Kuluza mlandu pakokha si umboni woti loya walakwa. Kulakwa ndi monga kujomba kukhothi popanda chifukwa, kusayankha mwini mlandu kwa miyezi, kudya ndalama zake, kapena kulola nthawi ya apilo kudutsa.

Kodi n'chiyani chimene chimadya umoyo wa loya wa milandu?

Choyamba ndi kuchuluka kwa ntchito. Loya wa boma kapena wa Legal Aid amatha kunyamula mafayilo ambiri kuposa amene munthu mmodzi angawakonzekere bwino. Chachiwiri ndi maulendo: kunyamuka m'bandakucha ku Blantyre kapena Zomba, kufika ku Ntaja, n'kupeza kuti mlandu waimitsidwa chifukwa mboni sidabwere kapena galimoto yotenga osungidwa ilibe mafuta. Chachitatu ndi zimene amaona ndi kumva. Zithunzi za mitembo, malipoti a chipatala a ana ogwiriridwa, ndi kuthithikana kwa m'ndende, komwe khothi lidagamula mu 2009 pa mlandu wa Masangano kuti n'kosayenera munthu, sizichoka m'mutu khothi likaweruka. Palinso kuopsezedwa ndi achibale a mbali ina, ngongole za ofesi, ndi chiyembekezo cha abale omwe amaganiza kuti loya aliyense ndi mpondamatiki.

Vutoli si la Malawi yekha. Kafukufuku wa bungwe la maloya pa dziko lonse la International Bar Association wa 2021 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene adayankha ankaona kuti ntchito ikuwononga umoyo wawo wa m'maganizo, ndipo ambiri ankaopa kulankhula poopa kuonongeka kwa mbiri yawo.

Kodi umoyo wa loya ukukhudzana bwanji ndi mwambo wa ntchito?

N'zolumikizana kwambiri. Kulakwa kochuluka sikuyamba ndi mtima woipa koma ndi kutopa kobisidwa. Loya wosagona amaiwala tsiku la khothi. Wopsinjika maganizo amaleka kuyankha foni chifukwa alibe choti auze mwini mlandu. Womira m'ngongole kapena mowa amayamba kusuzumira mu akaunti ya anthu. Zizindikiro zoyamba ndi kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kuopa kutsegula fayilo, kumwa kuti agone, ndi kusamvanso chisoni pa nkhani zomwe kale zinkamukhudza. Kudwala sikufafaniza mlandu wa loya amene wadya ndalama za mwana wamasiye, koma kuzindikira msanga kumateteza onse awiri.

Kodi chingachitike n'chiyani kuti loya akhale wathanzi pa ntchito?

Loya mwini ayenera kudziwa malire ake. Kukana mlandu umene sangaukonzekere bwino ndi mbali ya mwambo wa ntchito. Tsiku lopuma, tulo tokwanira, kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndi kukhala ndi mnzake wa ntchito womuuza zakukhosi popanda kuulula zinsinsi za anthu, zonsezi n'zofunika ngati mabuku a malamulo. Akamadwala, njira yoyenera ndi kudziwitsa khothi ndi mwini mlandu, n'kupereka fayilo kwa loya wina. Thandizo la matenda a maganizo limapezeka ku chipatala cha Zomba Mental, ku St John of God ku Lilongwe ndi Mzuzu, komanso kuyambira pa zipatala za boma za ku Liwonde ndi Balaka.

Koma mutu umodzi susenza denga. Akuluakulu a maofesi a maloya ali ndi udindo wogawa ntchito mwachilungamo ndi kuyenda limodzi ndi maloya achinyamata pa milandu yolemera. Makhothi angachepetse maulendo achabe podziwitsa msanga mlandu ukaimitsidwa. Boma likawonjezera maloya ndi ndalama ku Legal Aid Bureau ndi ku ofesi yozenga milandu, mtolo wa munthu mmodzi umapepuka. Nawo eni milandu amathandiza ponena zoona kuyambira tsiku loyamba, kusunga zikalata, kubweretsa mboni pa nthawi yake ndi kufunsa lisiti pa ndalama iliyonse. Munthu wa ku Machinga kapena Balaka amene waima pa mlandu amafunika loya wokonzeka, woona mtima ndi wathanzi, ndipo chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, chilungamo chake chimachepa.